Kusula wantchito: ndondomeko ya manejala amene watopa ndi yankho lakuti "zili bwino bwana"

Pali mabwana amene akangotuluka pa geti, ntchito imaima. Antchito awo si aulesi ayi, anangozolowera kuti nzeru zonse zimachokera mu ofesi ya bwana ndipo kuganiza si gawo lawo. Palinso mabwana ena oti akhoza kukakhala ku maliro kumudzi sabata yathunthu, pobwera n'kupeza zonse zili m'chimake. Kusiyana kwa awiriwa kawirikawiri sikukhala pa malipiro kapena pa ukali. Kumakhala pa luso limene pa Chingerezi amati coaching, limene muno tilitcha kusula wantchito: kukhala naye pansi pafupipafupi, kumufunsa mafunso oti aganize yekha, kumuuza zoona za kagwiridwe kake ka ntchito, kenaka n'kulondoloza zimene mwagwirizana.

Kampani ya Google inayesapo kukhala yopanda mamanejala. Mu 2002 eni ake, Larry Page ndi Sergey Brin, anachotsa maudindo a umanejala pakati pa mainjiniya poganiza kuti anthu ophunzira kwambiri safunika wowayang'anira. Sipanapite miyezi yambiri, maudindo aja anabwerera. Mu 2008 kampaniyo inayamba kafukufuku wotchedwa Project Oxygen, wofuna kudziwa chimene mamanejala abwino amachita chimene anzawo sachita. Anapeza makhalidwe asanu ndi atatu. Loyamba pa mndandanda linali kudziwa kusula antchito, pamene ukatswiri wa manejala mwiniyo pa ntchito ya makompyuta unali kumapeto. Izi sizikoma kumva, chifukwa ambiri amakwezedwa kukhala manejala kaamba kakuti anali akatakwe pa ntchito ya manja awo, ndipo amalowa mu ofesi yatsopano akukhulupirira kuti udindo wawo ndi kukhala ndi yankho la chilichonse.

Kudzipereka kulipo kwa mitundu itatu

Akatswiri awiri a ku Canada, John Meyer ndi Natalie Allen, analongosola mu 1991 kuti munthu amakhalitsa pa ntchito pa zifukwa zitatu zosiyana. Wina amakhala chifukwa mtima wake uli pomwepo, malowo amawaona ngati ake. Wina amakhala chifukwa kuchoka n'kodula: ali ndi ngongole, ana akufunika fizi, ndipo kunja kulibe kolowera. Wachitatu amakhala chifukwa akudziona kuti ali ndi mangawa, mwina kampani inamulipirira sukulu kapena inamugwira mkono pa nthawi ya zovuta. Kafukufuku amene anatsatira anaonetsa kuti kudzipereka koyambako, kwa mtima, n'kumene kumayendera limodzi kwambiri ndi ntchito yabwino. Kwachiwiriko kumangomusunga munthu pa mpando.

Kumene ntchito yolembedwa ndi yosowa, monga kuno kwathu, manejala amapusitsika mosavuta. Amaona kuti chaka chatha palibe wasiya ntchito, n'kuganiza kuti anthu ake ndi odzipereka, chonsecho thupi lokha ndilo lili pa kauntala, mtima uli ku geni ya kunyumba. Kusula kumafika pa mtimawo kudzera m'zinthu zitatu zooneka: munthu amadziwa bwinobwino chimene akuyembekezeredwa kuchita, amadziona akukula luso, ndipo amaona kuti zimene wanena zasintha kanthu. Chachitatuchi ndicho cholemera kuposa zonse, ndipo tibwereranso kwa icho.

Choyamba, onani ngati vutolo ndi lofunika kusula

Ntchito ikamalephereka, chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi: munthuyo sadziwa chimene mukufuna, kapena sadziwa kachitidwe kake, kapena alibe zipangizo ndi nthawi, kapena akudziwa zonse koma mtima palibe. Musanamuitane, dzifunseni kuti ndi chiti.

Ngati kompyuta yake imazima katatu pa tsiku, kapena malipiro achedwa miyezi iwiri, mafunso anzeru sangathandize. Konzani kompyuta, menyerani malipiro. Kumufunsa munthu wa njala kuti "mukuona kuti mungawonjezere bwanji khama?" n'kumunyoza. Ngati ndi wongolembedwa kumene, muuzeni ndi kumuonetsa: chitani inu iye akuona, achite iye inu mukuona, kenaka achite yekha. Mafunso amagwira ntchito pa munthu amene ali kale ndi kanthu m'mutu koti atulutse. Ndipo kuba, kubwera ku ntchito ataledzera, ndewu, kapena nkhanza kwa antchito anzake si nkhani za kusula. Zimenezo zili ndi njira yake ya chilango.

Chachiwiri, ikani nthawi, ndipo lengezani kwa onse

Mphindi 30 pa masabata awiri aliwonse, munthu mmodzi pa nthawi. Ngati muli ndi anthu asanu ndi atatu, amenewo ndi maola anayi, theka la tsiku pa masabata awiri. Wongoyamba kumene ntchito muzikumana naye sabata iliyonse kwa miyezi itatu yoyamba. Ngati pansi panu pali anthu makumi atatu kapena kuposerapo, musadzinamize kuti muwakwanitsa onse. Sulani makapitawo ndi masupavayiza, iwo akasule magulu awo.

Musanayambe, uzani gulu lonse pamodzi chimene chikubwera. M'malo ambiri a ntchito, mawu akuti "bwana akukuitanani" amatanthauza kuti kwagwa mlandu, ndipo munthu amalowa mu ofesi atakonzeka kale kudziteteza. Nenani poyera kuti aliyense azikhala ndi nthawi yake, kuti si bwalo la milandu, ndiponso kuti sizikukhudzana ndi kalata yochenjeza. Ikani ndandanda pa khoma. Mukamaitana okhawo olakwitsa, kukumanako kumasanduka chilango. Mukamaitana okhawo amene mumagwirizana nawo, a kumudzi kwanu kapena a mpingo wanu, ena onse aziti mukukondera, ndipo adzakhala akunena zoona.

Malo akhale oti ena sakumva koma akuona. Izi n'zofunika makamaka pamene bwana ndi wamwamuna ndipo wantchito ndi wamkazi, kapena mosinthanitsa: chitseko chotseka chimabala miseche imene imaononga onse awiri. Chokani kuseri kwa tebulo lalikulu, khalani pa mipando yofanana. Foni itembenuzeni. Mukalephera tsiku limene munapangana, perekani tsiku lina nthawi yomweyo. Kukumana kukalephereka kawiri motsatizana, wantchito amamva uthenga wakuti nkhaniyi inali ya pakamwa chabe.

Chachitatu, pitani mukaone ndi maso anu

Musasule munthu potengera mphekesera. Imani pamene amagwirira ntchito kwa mphindi 15 kapena 20, kawiri kapena katatu musanakumane, pa nthawi zosiyana. Lembani m'kabuku zinthu zowerengeka ndi zooneka: tsiku, ola, chimene chinachitika. Mawu akuti "ndi wosasamala" si umboni. Umboni ndi wakuti pa masabata anayi apitawa, katatu matumba a simenti owerengedwa Loweruka anapelewera poyerekeza ndi za m'buku, koyamba asanu, kachiwiri asanu ndi atatu, kachitatu asanu ndi limodzi. Chitsanzo chongoyerekeza chimenechi, cha kalaliki wa sitoko pa shopu ya zipangizo zomangira, tiyenda nacho mpaka kumapeto.

Chachinayi, kukambirana kwenikweniko

Ndondomeko yodziwika kwambiri ndi GROW, imene John Whitmore wa ku Britain, yemwe kale anali wa mpikisano wa magalimoto, anaifalitsa m'buku lake la mu 1992. Dzinali ndi zilembo zoyamba za mawu a Chingerezi akuti Goal, Reality, Options ndi Will: cholinga, mmene zinthu zilili, njira zimene zilipo, ndi chimene munthuyo achite. Mphindi 30 zija zigaweni chonchi: zisanu pa cholinga, khumi pa mmene zinthu zilili, khumi pa njira, zisanu pa pangano. Moni ndi kufunsana za kunyumba zibwere patsogolo pa zonsezi monga mwa mwambo, koma zisadye theka la nthawi.

Pa cholinga, yambani ndi iye. "Bambo, pa ntchito yanu masabata awiriwa, ndi chiyani chimene chakuvutani kwambiri?" Yankho loyamba mukulidziwa kale: "Ayi, zonse zili bwino bwana." Limeneli si bodza, ndi ulemu. Munthu analeredwa kuti wamkulu sumudandaulira pamaso, ndipo sakudziwa ngati kunena vuto sikumubweretsera vuto lina. Musalimbane nalo yankholi, lizungulireni ndi funso lopapatiza. "Pa masiku asanu ndi limodzi a sabata yathayi, ndi tsiku liti limene linali lolemetsa?" Tsiku sangalephere kutchula. "Chinachitika n'chiyani tsiku limenelo?" Funso lina lothandiza ndi ili: "Mukanakhala kuti ndinu mwini shopu ino, chinthu chimodzi chimene mukanasintha mawa n'chiyani?" Ngati iye satchula nkhani imene inu mwabwera nayo, itchuleni nokha mosabisa, ndi manambala anu aja.

Cholinga chikhale chimodzi, chowerengeka, chokhala ndi tsiku. Edwin Locke ndi Gary Latham, amene anafufuza za zolinga pa ntchito kwa zaka zambiri, anapeza kuti cholinga chotchulidwa bwino ndiponso chovutirapo chimabala ntchito yochuluka kuposa kungouza munthu kuti "yesetsani". Choncho m'malo mwa "tiyeni tikonze za sitoko", gwirizanani kuti pofika Loweruka lachinayi kuchokera lero, simenti ya m'nyumba yosungira izifanana ndi ya m'buku, thumba ndi thumba.

Pa mmene zinthu zilili m'pamene mamanejala ambiri amagwa, chifukwa amathamanga. Amamva chiganizo chimodzi, n'kuona ngati amvetsa, n'kuyamba kulangiza. Dzigwireni. Funsani kuti thumba limayenda bwanji kuchokera pa lole kufika m'manja mwa kasitomala, ndani amaligwira, ndani amalemba, pa nthawi yanji. Funsani zimene wayesapo kale. Pewani kuyamba funso ndi "chifukwa chiyani", pakuti m'makutu mwa wantchito mawu amenewa ndi chiyambi cha mlandu: "N'chifukwa chiyani matumba akusowa?" limabala zodzikhululukira zokhazokha. "Ndi nthawi iti pa tsiku imene simukhala pafupi ndi buku?" limabala mfundo. Mwina apa m'pamene mumve koyamba kuti kalaliki akapita kukadya nkhomaliro, anyamata okweza katundu amapereka simenti kwa makasitomala amene abwera ndi malisiti, malisitiwo n'kuwaika m'thumba la ovolosi, ena n'kuiwalika. Palibe wakuba. Pali ola limodzi pa tsiku limene buku lilibe mwini.

Mukafunsa, khalani chete. Werengani chamumtima mpaka khumi. Chete ameneyu amalemera, ndipo bwana ndiye amayamba kutopa naye n'kudziyankha yekha funso lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Muyeso wosavuta ndi uwu: pa mphindi 30, inu musalankhule zoposa khumi. Mukafuna kudziyesa, lembani kachizindikiro pa pepala nthawi iliyonse imene mwanena kuti "mukuyenera" kapena "ine ndikanachita". Tizizindikiro tikapitirira titatu, mwasiya kusula, mwayamba kulalikira.

Pa njira, mufunseni atchule zitatu musanatchule yanu ngakhale imodzi. Yoyamba imakhala yachizolowezi, "ndizisamala kwambiri", imene si njira konse. Funsani, "China?" Akatchula, funsaninso, "Chinanso?" Ya nzeru imakonda kutuluka kachitatu. Mwina anena zokhoma msomali pa khomo la nyumba yosungira katundu kuti lisiti lililonse lizibayidwa pomwepo thumba lisanatuluke. Mwina anena zoti iye ndi mnzake wa pa kauntala azisinthana ola la nkhomaliro. Mwina zoti simenti yokha, poti ndiyo imayenda kwambiri, iziwerengedwa tsiku lililonse poweruka m'malo modikira Loweruka. Mukakhala ndi ganizo lanu, pemphani kaye: "Ndili ndi ganizo lina, ndilitchule?" Kenaka liikeni pa mzere umodzi ndi ake aja, osati pamwamba pake, chifukwa ganizo la bwana likangotuluka, ena onse amafa.

Apa pali chinthu chovuta kumeza. Nthawi zina njira imene iye wasankha idzakhala yochepa mphamvu poyerekeza ndi yanu. Ngati siyoopsa, siyophwanya lamulo, ndipo siyodula, mulekeni ayese yake. Njira yabwino pang'ono imene munthu waipeza yekha amaisamalira ngakhale inu kulibe. Njira yabwino kwambiri imene mwamupatsa amaichita pokhapokha mukuona, ndipo ikalephereka amati "ndi mmene munanenera bwana".

Pa pangano, funsani zinthu zinayi: achita chiyani, ayamba liti, chingamulepheretse n'chiyani, ndipo akufuna chiyani kwa inu. Kenaka mupempheni abwereze ndi mawu ake zimene mwagwirizana. Funso lakuti "mwamva?" n'lopanda ntchito, pakuti yankho lake ndi "eya" nthawi zonse. Pomaliza mufunseni kuti pa manambala 1 mpaka 10, akudzikhulupirira bwanji kuti achitadi. Akatchula nambala yochepera 8, panganolo n'lolemera kapena pali chimene sananene. Lichepetseni mpaka nambala ikwere.

Chachisanu, kunena zoona popanda kuswa munthu

Ambiri amaganiza kuti kumuuza munthu mmene akugwirira ntchito kumathandiza nthawi zonse. Si choncho. Mu 1996 Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambirimbiri pa nkhaniyi, ndipo anapeza kuti pa maulendo oposa limodzi mwa atatu aliwonse, ndemanga zoperekedwa kwa munthu zinatsitsa kagwiridwe kake ka ntchito m'malo mokweza. Kufotokoza kwawo kunali kwakuti ndemanga ikalunjika pa munthu mwiniyo, maganizo ake amachoka pa ntchito n'kupita pa kudziteteza. "Ndinu wamwano" imamusiya munthu akuganiza za ulemu wake usiku wonse. Sakuganiza za kasitomala.

Njira yothandiza ndi ya magawo atatu imene bungwe la ku America la Center for Creative Leadership limaphunzitsa: tchulani nthawi ndi malo, tchulani chimene munaona, tchulani zotsatira zake. Mwachitsanzo: "Achemwali, Lachitatu m'mawa mayi aja atabwera kudzabweza penti, munawayankha mukuyang'ana pa foni, ndipo munawauza kuti si vuto lanu. Anatuluka osagula china chilichonse, ndipo makasitomala awiri amene anali pa mzere anamva." Imani pamenepo, n'kufunsa: "Inu munaziona bwanji?" Mwina pali mbali imene simunaione.

Nenani pasanathe masiku awiri chichitikireni. Kusunga zolakwa za munthu kuyambira Januwale n'kudzamukhuthulira mu Disembala pa kuunika kwa pachaka ndi nkhanza, ndiponso n'kutaya miyezi khumi ndi umodzi imene akanakonza. Nenani chinthu chimodzi pa nthawi. Kudzudzula kuchitike pa awiri. Kumukalipira munthu pamaso pa anzake, makamaka amene iye amawayang'anira, kumakupatsani mantha ake kwa sabata imodzi ndi chidani chake kwa zaka.

Chizolowezi choyamba ndi kuyamikira, kulowetsa chidzudzulo pakati, n'kutsekera ndi kuyamikira kwina, chisiyeni. Antchito amachitulukira msanga, ndipo akangomva "mukugwira bwino ntchito" amayamba kudikira "koma". Kuyamikira kukhale ndi tsiku lake, ndipo nakonso kutchule chinthu chenicheni: "Mmene munasanjira malata potengera geji zachititsa kuti lole ya dzulo ipakire pa theka la ola." Zoterezi munthu amadziwa choti abwereze.

Nanga wantchito akakhala wamkulu msinkhu kuposa inu, woti akhoza kukhala kholo lanu? Mamanejala achinyamata ambiri amangomupewa, kapena amaonetsa mphamvu mopitiriza kuti asaoneke ofooka. Zonse ziwiri n'zolakwika. Ulemu ukhale pa kalankhulidwe, "bambo", "mayi", "inu", ndipo yambani ndi kufunsa zimene zaka zawaphunzitsa, chifukwa amadziwadi zinthu zimene inu simudziwa. Koma manambala asafewetsedwe. Matumba asanu ndi atatu ndi asanu ndi atatu kwa aliyense.

Chachisanu ndi chimodzi, chitani mbali yanu

Lembani pangano pa pepala limodzi, mizere isanu basi: tsiku, cholinga, zimene achite iye, zimene muchite inu, tsiku lokumananso. Iye asunge lake, inu lanu. Ngati ali kutali, ku nthambi ina kapena kumunda, uthenga wa pa WhatsApp wa mizere yomweyo ukwanira, koma kukambirana kwenikweniko kuchitike pa foni ya mawu. Chidzudzulo cholembedwa chimamveka chaukali kuposa mmene wolemba amafunira, ndipo chimatumizidwa kwa ena.

Mzere wachinayi uja, wa zimene muchite inu, ndi pamene kudzipereka kumabadwira kapena kufera. Ngati munalonjeza kulankhula ndi wa pa kauntala za kusinthana nkhomaliro, lankhulani naye tsiku lomwelo. Ngati munalonjeza kukapempha buku latsopano ku likulu, kapempheni, ndipo akakana bwererani mudzanene kuti akana ndi chifukwa chake. Wantchito amapirira yankho lakuti ayi. Chimene sapirira ndi kutulutsa zakukhosi kwake, bwana n'kugwedeza mutu, kenaka zii. Zikatero kawiri, abwerera ku "zili bwino bwana", ndipo ulendo uno simudzamutulutsakonso. Choncho lonjezani zochepa, zimene zili m'manja mwanu. Za kukwezedwa pa udindo ndi kuwonjezera malipiro musazitchule ngati nyambo pamene mulibe mphamvu yozipereka.

Kukumana kotsatira kuyambe ndi pepala lija, ndipo muyambe ndinu kupereka lipoti la mbali yanu. Kenaka iye. Ngati njira yake yalephereka, funsani chimene waphunzirapo ndi chimene asinthe. Mawu akuti "ndinanena ine" amezeni.

Chachisanu ndi chiwiri, tayitsani chingwe pang'onopang'ono

Kusula kopanda kupatsa munthu mphamvu kumafika potopetsa. Pamene akukhoza, mukwezeni pa makwerero awa: poyamba amabwera ndi vuto inu n'kupereka yankho, kenaka amabwera ndi vuto pamodzi ndi ganizo lake inu n'kuvomereza, kenaka amachita n'kukuuzani tsiku lomwelo, pomaliza amachita n'kudzangotchula pa kukumana kwanu. Muuzeni momveka kuti ali pa khwerero liti pa ntchito iti, ndi malire ake: mwachitsanzo, kuti katundu wobwezedwa wosapitirira mtengo wakutiwakuti akhoza kulandira yekha. Akalakwitsa mkati mwa malire amene munamupatsa, mlanduwo ndi wa nonse awiri, ndipo pamaso pa akuluakulu anu muusenze ndinu.

Chachisanu ndi chitatu, yesani ngati zikugwira

Dikirani miyezi itatu, kumene ndi kukumana kasanu ndi kamodzi ndi munthu aliyense. Musanayambe, lembani manambala a poyambira kuti mudzakhale ndi poyerekezera. Pa kagwiridwe ka ntchito tengani muyeso umodzi kapena iwiri ya ntchito yeniyeniyo: kusiyana kwa sitoko, madandaulo a makasitomala, malipoti ofika pa nthawi yake, katundu wobwezedwa. Pa kudzipereka yang'anani masiku ojomba, kuchedwa kwa Lolemba m'mawa, ndi chiwerengero cha maganizo amene antchito abweretsa okha osafunsidwa.

Pali chizindikiro china chimene chimasokoneza mamanejala: mwezi woyamba ndi wachiwiri, mavuto amaoneka ngati achuluka. Sanachuluke. Analipo kale, kungoti tsopano akunenedwa. Amy Edmondson wa ku Harvard anakumana ndi zofanana ndi zimenezi pofufuza magulu a anamwino ndi madokotala m'zipatala za ku America: magulu oyendetsedwa bwino ndiwo amaoneka ndi zolakwa zambiri zolembedwa, chifukwa anthu ake sankaopa kuziulula. Wantchito akabwera yekha kudzanena kuti walakwitsa inu musanatulukire, dziwani kuti ntchito yanu yayamba kubala. Mmene mumulandirire tsiku limenelo gulu lonse likhala likuonerera.

Zikakanika

Si onse amene amasintha. Ngati mwakumana kanayi kapena kasanu pa nkhani imodzimodzi, zipangizo munapereka, mbali yanu munachita, koma manambala sakusuntha, bwererani ku funso loyamba lija. Mwina munthuyo ali pa malo olakwika: wina wolephera pa kauntala amakhoza bwino ku sitoko kumene kulibe makasitomala. Mwina pali matenda, ngongole ya katapira kapena mavuto a m'banja. Pamenepo mverani, muthandizeni ndi zimene malamulo a pa ntchito amalola monga tchuthi, ndipo mulozereni kwa oyenera, koma musadzisandutse dokotala kapena nkhoswe.

Ngati palibe chimodzi mwa izi, nkhani isamuke kuchoka ku kusula kupita ku ndondomeko ya chilango, ndipo kusamukako kunenedwe poyera: "Bambo, takambirana nkhaniyi kasanu. Kuyambira lero tikulowa njira ina, ya makalata, ndipo ndikufotokozerani mmene imayendera." Choipa kwambiri chimene manejala angachite ndi kutenga zimene munthu anaulula momasuka pa kukambirana kuja n'kukazitulutsa mwadzidzidzi ngati umboni womuchotsera ntchito. Mawa lake gulu lonse limadziwa, ndipo palibenso adzatsegule pakamwa.

Ku Malawi, lamulo la Employment Act la 2000, pa ndime 57, limati wolemba ntchito sangachotse munthu popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo ngati chifukwacho ndi luso kapena khalidwe, munthuyo ayenera kupatsidwa kaye mpata woyankhapo pa zimene akunenezedwa. Nkhani ikafika ku khoti loona za ntchito la Industrial Relations Court, wolemba ntchito ndiye amayenera kuonetsa chifukwa chimene anamuchotsera. Choncho kalata yoyamba ya njira yatsopanoyi itchule muyeso umene ukufunika, pamene munthuyo ali tsopano, thandizo limene apatsidwe, ndi tsiku limene mudzaunikenso, ndipo a ofesi yoona za antchito aione musanaipereke. Kukumana kwa masabata awiri kuja kusaime pa nthawi imeneyi, kungoti mapepala ake azisungidwa padera ndi a chilango.